Utsi ndinausiya, nanga pachifuwa pakundifinyiranji?

Aphungu,

Ndiyambe ndi kupepesa, chifukwa ine ndikatsegula pakamwa ndimaiwala kuti anthu ali ndi zochita zina. Kusukulu sindinapondeko. Dzanja limene likulemba kalatayi ndi la mwana wanga Teleza, koma mawu ndi anga, ndipo tapangana kuti alembe momwe ndikunenera, osachotsa, osakometsa. Iyeyu ndiye amandiwerengera tsamba lanu akabwera ndi nyuzipepala kuchokera ku Masambanjati, ndipo ndi yemweyunso amene ndili naye pamlandu. Tagwirizana kuti mutiweruze ndinu. Chimene munene, tonse awiri titsata chomwecho.

Mlandu wake ndi uwu. Teleza walanda kabotolo kanga ka fodya, wakabisa. Wandiletsanso kukwera kumunda kwanga kwa tiyi, pomwe mvula yayamba ndipo masamba akuphuka ngati akuthamangitsidwa. Ine ndikuti akulakwa, iye akuti ndikudzipha. Kuti mumvetse, mundilole ndibwerere kumbuyo pang'ono.

Fodya sindinamuyambe chifukwa cha kukoma ayi. Ndinalowa ntchito paesiteti ndevu zisanamere bwino, kutchola tiyi. Kapitawo wathu wa masiku amenewo akakuona waimirira chabe, manja ali m'chiuno, ankakuwa ali kutsidya: "Iwe! Wabwera kudzaona mapiri kuno?" Koma akakupeza wakhala pansi ukupichira fodya, ankadutsa osanena kanthu, mwinanso kukupempha moto. Wosuta anali ndi ufulu wopuma, wosasuta analibe. Amene anandiululira nzeru imeneyi ndi mnzanga Blackson, tinkatchola mizere yoyandikana. Anati, "Achimwene, msana wanuwo mukuuzunziranji? Tengani chingambwe ichi. Ngakhale musakoke, ingochigwirani m'manja." Ndinachigwira. Mawa lake ndinakokako, ndinatsokomola mpaka misozi, gulu lonse kugwa nako kuseka. Pofika nyengo ya chiperoni, nkhungu itaphimba munda wonse, zala zitauma gwa, ndinali katswiri wopichira. Pepala la nyuzi, la thumba la simenti, khoko la chimanga, zonse zinkandigwirira ntchito.

Pambuyo pake anandisamutsira kufakitale, kuboyila, kumene tinkasonkhezera nkhuni za bulugama kuti tiyi aume. Aphungu, ngati pali chinthu chimene ndinachidziwa pa moyo wanga, ndi utsi. Utsi uli ndi njira yake. Umachoka pamoto, umadutsa momwe anaukonzera, umakwera chumuni, n'kutuluka. Pomwe wadutsa umasiya mwaye, pomwe sunadutse pamakhala poyera. Tsiku lopala mwaye tinkatuluka tili bii, mano okha mbee, ana athu kutithawa. Koma chipinda cha injini, chongotchingidwa ndi khoma limodzi, munkatha kuyalamo mkeka n'kugona ndi malaya oyera.

Ndiye ine m'mutu mwanga ndinati munthu ndi chimodzimodzi. Utsi umalowa pakamwa, kutsika pakhosi, kuzungulira m'mapapo, kutuluka. Mapapo ndiwo chumuni. Mtima ndi injini, uli m'chipinda chakechake. Chifuwa ndinkachiyembekezera, ndipo chinabweradi, chija cha m'mawa chodzutsa nkhuku za aneba. Sindinachiope, poti akuluakulu a pafakitale ankatiuza kuti tiyi wakuda wamphamvu, wowawa kwambiri uja, amatsuka mwaye wa m'chifuwa. Mpaka lero ndimamwa ameneyo, supuni n'kutsala pang'ono kuimirira m'kapu.

Chaka chatha Blackson anagwa. Ankamanga nthochi panjinga kuti apite nazo kumsika. Anangogwira pachifuwa, kukhala pansi, basi. Pomwe galimoto inkafika, munthu anali atazizira. Pamaliro ena ankanong'onezana kuti am'menya hamala yamatsenga, poti sanagone pamphasa ngakhale tsiku limodzi. Mbiri yake ndinanena ndine, chifukwa kuno akamwalira munthu wakale wa paesiteti amaitana ine, ndimakumbukira amene analowa ntchito ndi ndani, anakwatira kwa yani, anathawa njoka pamunda uti. Titabwera kumanda, mkazi wake anandikokera pambali. Anati, "Alamu, zimene akunenazo musazimvere. Achipatala anawauza kalekale anzanuwa kuti fodya akuwawonongera mtima, iwo osamva." Ndinadabwa kwambiri. Mtima? Blackson sankatsokomola n'komwe. Wotsokomola ndinali ine.

Maliro atatha, Teleza anandikakamiza kupita kuchipatala. Adokotala anandimanga nsalu yopopa ija pamkono, anayang'ana, anapopanso kachiwiri. Anati, "Agogo, BP yanu yakwera kwambiri. Mumasuta?" Ndinati, "Ndinayamba inu musanabadwe, mwinanso mayi anu asanathe msinkhu." Anaseka, koma anati, "Musiye. Ndipo mapiritsi awa muzimwa tsiku lililonse." Ndinafuna kuwafunsa kuti utsi umadumpha bwanji khoma kukafika kumtima, koma nditasuzumira panja n'kuona amayi a makanda atandandalika mpaka pansi pa mtengo, ndinameza funso langa. Ndilo ndabwera nalo kwa inu.

Kusiya ndinasiya, zoona. Koma chibaba, Aphungu! Ndinkakalipira mbuzi, ndinkakalipira chitseko. Ndikamaliza kudya, zala zinkayamba kupichira zokha popanda kanthu. Tsiku lina mayi Eneless, aneba athu amene amapera fodya n'kusakaniza ndi chidulo, anandipeza ndikutafuna kamtengo ngati mbuzi yomwe ija. Anati, "Inu abambo, mukuvutikiranji? Ife amayi tinayamba kale kudya fodya wopanda utsi. Munatimvapo tikutsokomola?" Anandithirira pang'ono pachikhatho. Ndinatsina, n'kuika kuseri kwa mlomo wam'munsi momwe iwo amachitira. Mutu unangoti pheee, dziko n'kukhala pamalo pake. Ndinati apa ndiye ndapeza. Moto palibe, utsi palibe, mwaye uchokera kuti? Ndipo chifuwa cha m'mawa chija chinachepadi, ngakhale Teleza angachitire umboni. Mapiritsi atatha sindinapite kukatenga ena. Ndinati amene ankakweza BP ndi utsi, utsi ndachotsa, mutu sukundipweteka, ndikavutitsirenji anthu?

Tsopano pali ichi. Nditapuma ntchito ndinadzala tiyi wangawanga pamunda wa makolo, cha kuno kwa Khwethemule. Mundawo uli pamtunda, ukawoloka kamtsinje umayamba kukwera, ndipo ukatchola umasenzanso dengu kupita nalo pasikelo pomwe pamaima lole. Njira imeneyi ndaiyenda ndikuimba. Koma miyezi yapitayi, ndikafika pakati pa chitunda, pachifuwa pamandigwira. Sikubaya ayi. Zimakhala ngati wina wandikhazika thumba la feteleza pachifuwa n'kukhalaponso iye. Befu, thukuta. Masiku ena kulemerako kumatsika ndi mkono wamanzere mpaka kuchala chaching'ono, nthawi zina kumakwera kunsagwada ngati dzino likufuna kuyamba.

Apa Teleza waika cholembera pansi, akundiyang'ana. Za mkono ndi nsagwadazi ndinali ndisanamuuze. Lemba, mwana iwe, tinapangana.

Chodabwitsa chake ndi ichi. Zikandigwira chonchi ndimakhala pamwala wina uli m'mbali mwa njira, ndimatulutsa kabotolo, kutsina, kuika kumlomo. Posachedwa thumba lija limayamba kupepuka, mkono umamasuka, ndimadzuka n'kupitiriza. Sizinalepherepo. Ndiye mundiuze, chinthu chimene chikundichotsera ululu chingakhale chomwecho chikundidwalitsa?

Pamwala pomwepo ndi pomwe Teleza anandipeza sabata yatha, akuchokera kotunga madzi.

Anati, "Ababa, paja munati munasiya?"

Ndinati, "Ndinasiya kusuta. Ukuona utsi pano?"

"Nanga mlomo watupawo, mwalumidwa ndi mavu?"

"Ndi mankhwala awa."

"Mankhwala a kwa mayi Eneless? Chipatala anatsegula liti?"

Anandipisa m'thumba ngati wapolisi, kabotolo n'kupita. Anati dengu ndisalikhudzenso mpaka tikaonane ndi adokotala. Ine ndinati kuchipatala tipita masamba oyambawa akatha, chifukwa tiyi sadikira munthu, ukachedwa amakhwima ndipo pasikelo amamukana. Takangana, takanganso, mpaka tinati tilembere inu.

Sindikufuna kupambana chabe ayi, ndikufuna kudziwa. Utsi umafika bwanji kumtima pomwe njira yake ndi ya kumapapo? Fodya wopanda utsi angalakwire chiyani mtima? Tiyi wanga wowawayu sakutsukadi kanthu? Nanga munthu amene wasuta kuyambira unyamata mpaka imvi, kusiya lero kuli ndi phindu, kapena zinawonongeka kale ndingodzizunza? Mukanena kuti ine ndakhoza, Teleza abweza kabotolo ndipo ndikwera kumunda. Mukanena kuti wakhoza ndi iye, ndimvera, ngakhale ndidandaula mokweza.

Ndine,
H.M., Masambanjati, Thyolo


Bambo H.M.,

Zikomo chifukwa cha kalata yokoma kuwerenga, koma sindikusungani m'maganizo. Wakhoza ndi Teleza. Kabotolo kasabwerere, chitunda musakwere, ndipo kuchipatala mupite sabata ino, osati masamba akatha. Tsopano poti mwafunsa mofuna kudziwadi, tiyeni ndikuyankheni bwinobwino.

Nzeru yanu ya kuboyila yalakwika pamalo amodzi okha, koma ndi pamene pagona nkhani yonse. Mapapo si chumuni. Chumuni ndi njira yongodutsa, pomwe mapapo ndi chitsime. Magazi onse a m'thupi amabwera kumapapo kudzatunga mpweya wabwino, ndipo khoma limene lili pakati pa mpweya ndi magazi ndi lopyapyala kuposa pepala lililonse limene munapichirapo. Chimene mwakoka, magazi amatunga. Akachoka kumapapoko, malo oyamba kufika ndi mumtima. Choncho mwaye wina umatsaliradi m'mapapo n'kukutsokomoletsani, koma zina za muutsiwo zimalowa m'magazi n'kuyenda thupi lonse. Khoma limene mumalidalira lija kulibe.

Zolowazo ndi ziti? Choyamba ndi nikotini, amene amabweretsa chibaba. Ameneyu amakwapula mtima kuti uzigunda mofulumira, pomwe akufinyanso mitsempha ya magazi kuti ichepe. Mtima umakhala ukupopa mwamphamvu m'mapaipi opanikizika, BP n'kukwera. Chachiwiri ndi mpweya woipa umene umapezeka muutsi, wofanana ndi uja umakomola anthu akagona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi, ndiye mtima umagwira ntchito yambiri ukulandira chakudya chochepa. Ndipo pali ziphe zina zambiri zimene zimakanda mkati mwa mitsempha. Pokandikapo pamakakamira mafuta, chaka ndi chaka, njira n'kumachepa. Inu munaonapo paipi yamadzi yakale itadulidwa, mkati mutatsala kabowo kakang'ono chifukwa cha zokakamira. Ndi zimenezo. Fodya amachititsanso magazi kuundana msanga, ndipo kachibuma kamodzi kakatseka pamalo opanikizika kale, munthu amagwa ali chiimire.

Za anzanu a Blackson sindingalumbire, poti sindinawapime. Koma zimene mwafotokozazo, kugwira pachifuwa n'kukhala pansi, ndi mmene anthu ambiri amapitira mtsempha wa mtima ukatsekeka. Sipafunika kutsokomola, sipafunikanso hamala. Mkazi wawo anakuuzani zoona, ndipo inu amene mumapatsidwa mpata wolankhula pamaliro mungateteze anthu osalakwa amene amalozedwa zala pa imfa zotere.

Tibwere pamwala panu paja, chifukwa ndi pamene pandidetsa nkhawa. Mtima nawo ndi mnofu, ndipo uli ndi timitsempha take touthirira magazi. Mukakhala pakhonde, ngakhale timitsemphato titachepa, magazi odutsa amakwanira. Mukayamba chitunda, dengu lili kumsana, mtima umafuna ambiri, koma njira ndi yopapatiza. Kulemera pachifuwa kumene kumatsika ndi mkono kapena kukwera kunsagwada, kobwera mukamakwera n'kutha mukapuma, kawirikawiri kumakhala kulira kwa mtima umene magazi akuuperewera. Sindine dokotala wanu ndipo kalata siyipima munthu, koma aliyense wachipatala akamva zimenezi amakhala tsonga.

Pamwalapo mumachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: mumakhala pansi, ndipo mumaika fodya kumlomo. Inu mwathokoza fodya. Wokuthandizani ndi kukhala pansiko. Mukapuma, mtima umachepetsa liwiro, magazi ochepa aja amayambanso kukwanira, ululu n'kutha. Fodyayo akuchita zotsutsana ndi zimenezo, akukwapula mtima umene ukupempha kupuma. Kumva bwino m'mutu kumene mukunenako ndi chibaba chimene chakhuta, osati mtima umene wachira. Chonde musakayese kukwera kuti mutsimikize ngati ndikunena zoona.

Ndisakulandeni zonse. Kusiya utsi munachita chinthu chachikulu, ndipo kuchepa kwa chifuwa ndi umboni wake. Mpweya wolanda malo uja munauchotsa, ndi ziphe zina zambiri. Koma nikotini simunamusiye, mwangomusinthira khomo. Mkati mwa mlomo ndi m'mphuno muli timitsempha tambiri tomwe timamuyamwa kulowa m'magazi, chidulo chimathandizira kuti alowe msanga, ndipo poti fodyayo amakhalitsa kumlomo, mtima umakwapulidwa nthawi yaitali. Kwa munthu wa BP yokwera amene pachifuwa pakumugwira kale, ameneyu si bwenzi. Fodya woika m'kamwa amayambitsanso zilonda za m'nkhama, ndipo ena amafika podwala khansa ya m'kamwa. Kusatsokomola kwa mayi Eneless kukungotiuza za mapapo awo, za mtima wawo sitikudziwa. Nawonso akanakayezetsa BP.

Tiyi wanu, pepani, satsuka kanthu. Iye amatsikira m'mimba, utsi unkapita kumapapo, sanakumanepo n'kamodzi komwe. Imwani chifukwa mumamukonda, munthu wa ku Thyolo sindingamuletse tiyi. Koma muchepetseko mphamvu yake, chifukwa wowawitsa uja amathanso kuthamangitsa mtima, ndipo shuga azikhala wochepa.

Pa mapiritsi ndiye ndikukalipirani pang'ono. Muli kuboyila, mphamvu ya nthunzi munkaidziwa poyang'ana geji, kawotchi koyezera kaja, kapena munkadikira kuti paipi iphulike ndiye mudziwe? BP ilibe phokoso. Anthu ambiri imawakwera mutu usakupweteka, akudya bwino, akuseka. Geji yake ndi nsalu yopopa ija basi. Mitsempha imene yakhala ikuuma kuyambira unyamata wanu siyifewa chifukwa mwasiya ndudu miyezi ingapo. Mapiritsi a BP sasiyidwa poti munthu akumva bwino, amasinthidwa kapena kuchepetsedwa ndi achipatala okha.

Mwafunsa ngati kusiya kuli ndi phindu pa msinkhu wanu. Kuli nalo, lalikulu. Zokakamira zakale sizichoka zonse, zimenezo ndisakunamizeni. Koma nikotini akangochoka m'thupi, mtima umatsika liwiro ndipo mitsempha imaleka kufinyidwa. Munthu akasiya fodya, magazi amachepetsa kuundana, ndipo pakapita chaka kapena ziwiri chiopsezo chogwa mwadzidzidzi chimakhala chitatsika kwambiri. Achikulire amene mtima wayamba kale kuwavuta ndiwo amapindula msanga, chifukwa ndiwo ali pafupi ndi ngozi.

Ndiye chitani izi. Pitani kuchipatala ndi Teleza, ndipo ulendo uno musameze mawu chifukwa cha mzere. Nkhani za kapitawo muzisunge, muyambe ndi zofunika: kuti pachifuwa pamakulemerani mukakwera chitunda ndipo pamapepuka mukapuma, kuti kulemerako kumafika kumkono ndi kunsagwada, kuti mapiritsi munasiya, ndiponso kuti mumaika fodya kumlomo. Chomalizachi musachibise. Ambiri akafunsidwa ngati amasuta amayankha kuti ayi, fodya ali m'thumba, dokotala n'kusochera. Akakutumizani kuchipatala chachikulu kuti akaunike mtima, pitani. Muwafunsenso ngati pali chithandizo cha chibaba choyenera inu, ndiponso kuti ndi ntchito yanji imene mungagwire. Musamwe mankhwala a mtima a munthu wina ngakhale atakuuzani kuti matenda ndi omwewo.

Za masamba, ndikudziwa kuti zikukuwawani kuona tiyi akukhwima. Khalani pansi ndi Teleza lero lomwe mupeze wotchola ulendo uno, kaya achibale, kaya alimi anzanu a m'kalabu amene inunso munawathandizapo. Kupempha manja kwa nyengo imodzi si kutaya munda. Achipatala akakuonani n'kukupatsani mankhwala oyenera, iwo ndiwo anene ngati mungabwerere kumtunda, ndiponso motani. Pakadali pano yendani pang'onopang'ono pamalo athyathyathya, opanda katundu, ndipo mukamva kulemera imani. Mchere muuchepetse m'ndiwo, ndipo wowaza pambale muusiye.

Chibaba chibwera, ndipo mbuzi zanu zimvanso mawu. Chimavuta kwambiri masabata oyamba, kenako chimafooka. Chikabwera chimakhala ngati sichichoka, koma mukachedwetsa pang'ono chimatsika chokha. Nthawi zake mukuzidziwa: mukangodya, mukamwa tiyi, mukakhala ndi anzanu ocheza nawo. Konzekeranitu. Mlomo umene wazolowera kusunga kanthu muupatse mtedza wosathira mchere, chimanga chokazinga ngati mano alipo, kapena madzi akumwa. Zala muzipatse chochita, kaya kusenda nandolo, kaya kuluka dengu. Mukaterereka tsiku lina, musanene kuti zakanika. Muuzeni Teleza, muyambirenso.

Nawe Teleza, poti ndiwe ukuwerenga mokweza, usadumphe ndime ino. Wachita bwino, koma kubisa kabotolo sikuthetsa nkhani, chifukwa kwa mayi Eneless ndi pafupi. Katulutse, uwapatse bambo ako akataye okha m'chimbudzi ndi dzanja lawo. Kenako upite kwa mayi Eneless mwaulemu, osati mokangana, poti iwo ankayesa akuthandiza. Uwapemphe kuti asawapatsenso ngakhale atawachonderera. Masiku akubwerawa bambo ako akhala olusa. Usawabwezere. Ndipo uziwafunsa za pachifuwa tsiku ndi tsiku, chifukwa waona wekha kuti munthu wolongolola chonchi anatha kukubisira za mkono.

Chenjezo langa ndi ili, nonse awiri mulimve. Kulemera kuja kukabwera muli chikhalire, kapena mukapuma koma osachoka, kapena kukabwera ndi thukuta lozizira, nseru, chizungulire kapena kubanika, imeneyo si nkhani yodikira kuti tione. Chimodzimodzi pakamwa pakapotoka, mawu akayamba kulemera, kapena mkono kapena mwendo ukafooka mbali imodzi. Musayende wapansi, musafune fodya, musatereke tiyi. Pezani galimoto kapena chilichonse chokunyamulani, muthamangire kuchipatala nthawi yomweyo. Gwirizanani lero ndi munthu wa galimoto kapena wa njinga yamoto amene mungamuimbire, nambala yake ikhale mufoni ya Teleza.

Bambo H.M., masamba akakhwima mudzawadula, mtengo udzaphukanso ndi mvula yomweyi. Mnofu wa mtima ukafa chifukwa chosowa magazi suphukanso. Wanu ukadali kukuchenjezani. Pitani sabata ino.

Aphungu